Chifukwa chake atonde a kutchire sakalamba

Mlenje amene anazolowera nkhalango zozungulira Furancungo amadziwa kuti pagulu la nyama, zazikazi ndizo zimachuluka. Nanga atonde amathera kuti? Asayansi akuti ambiri amafa msanga, ndipo gwero lake ndi kulimbirana akazi.

Umboni wamphamvu unachokera pachilumba cha Rum ku Scotland. Kumeneko, kuyambira m'ma 1970, akatswiri, poyamba otsogoleredwa ndi Tim Clutton-Brock, akhala akulondola mbawala zofiira imodziimodzi, kuyambira kubadwa mpaka kufa. Anapeza kuti yaikazi imayamba kuswa ili ndi zaka 3 kapena 4, n'kupitiriza mpaka ukalamba. Tonde ndi wosiyana: ana ake ambiri amawabereka ali ndi zaka pakati pa 7 ndi 11, kenaka mphamvu zimamuthera mofulumira.

Chimamudya n'chiyani? Nyengo yokwerana ikafika, tonde amaiwala msipu. Usana ndi usiku amangobangula, kugundana nyanga ndi anzake ndi kulondera akazi, mpaka kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. Chisanu chimamupeza ali mafupa okhaokha. Kafukufuku amene anatuluka mu 2014 anaonetsanso kuti atonde amene anatchinga akazi ambiri adakali anyamata ndiwo anafooka msanga atakula.

Kuno kwathu ku Africa nkhani ndi yomweyo. Ku paki ya Kruger, m'dziko la South Africa, Norman Owen-Smith anapeza kuti ngoma zazimuna zimafa msanga kuposa zazikazi, chifukwa thupi lalikulu limafuna chakudya chambiri, ndipo chilimwe sichichitira chifundo. Nswala, zimene zimapezekanso ku paki ya Mágoè m'chigawo cha Tete, zimakwerana cha m'mwezi wa Meyi mvula itatha. Tonde wolamulira malo amathamangitsa anzake mosapuma, sapeza mpata wodzinyambita, nkhupakupa zimamudzadza m'khosi ndi m'makutu, ndipo pakangopita masiku owerengeka wina amamulanda ufumu.

Choncho tonde wa nyanga zazikulu amene mlenje amamusirira ndi yemwe wapulumuka njala, matenda ndi zilombo kwa zaka zambiri, ndipo wangofika kumene pa nthawi yake yochepa yobereka. Mukamupha mwadula mbewu yamphamvu. Mafumu ndi alenje a ku Macanga ndi Tsangano, letsani misampha ya waya ndi moto wolusa, ndipo nyengo yokwerana nyama muzizisiya.