Utoto wa pa zipupa walowa m'chipinda cha zionetsero

Zaka zingapo zapitazo, wofuna chithunzi chojambula pamanja mu Blantyre ankadziwiratu zoti akapeze: dzuwa likulowa pa nyanja, mtengo wa mlambe, mayi atasenza mtsuko. Zinali za alendo. Tsopano achinyamata ena ayamba kujambula zosiyana, ndipo mwezi uno mmodzi wa iwo wadzaza yekha chipinda cha zionetsero mumzindamu ndi zithunzi zomwe zautsa mkangano.

Mnyamatayu anakulira ku Ndirande. Burashi anaizolowera polemba mayina a magolosale ndi kujambula mitu ya anthu pa zipupa za malo ometera tsitsi.

Chithunzi chomwe chikuimitsa anthu anachijambula pa lata lopindika, ladzimbiri, lomwe akuti analitola ku Chilobwe madzi ndi miyala zitatsetsereka m'phiri la Soche nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023. Pali nkhope ya mayi. Diso limodzi ndi lalikulu, lina ndi kadontho chabe, pakamwa pali yasa, mano onse poyera. Utoto wofiira anausiya uyenderere mpaka pansi osaupukuta, ndipo wofiirira anausakaniza ndi dothi, moti ukayandikira umaona timiyala. Pamwamba anapoperapo mawu akuti "mawa" katatu, n'kuwakhwatcha onse. M'mabowo a misomali analowetsamo ulusi wa chitenje.

Mkangano suli pa luso lake. Uli pa funso lakuti kajambulidwe aka n'kathu kapena n'kobwereka. Wojambula wina wachikulire, amene waphunzitsa ambiri, akuti zonsezi n'zotengera. Iye akukumbutsa kuti nkhope zokhotakhota, mitundu yolusa ndi mawu okhwatchidwa zinatchuka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ku New York, pamene achinyamata olemba pa zipupa ndi pa sitima anayamba kulandiridwa m'nyumba za zionetsero, komanso ku Germany ndi ku Italy. Kwa iye, mwanayu wangoziona pa foni, ndipo ogula akunja akuzikonda chifukwa akuzidziwa kale.

Mwini zithunzi sakukana kuti anaziona. Akungofunsa kuti kodi dzuwa lolowa pa nyanja lija, lojambulidwa pa kanivasi, linachokera kwa agogo a ndani.

Pamenepa mkuluyo ali ndi mfundo, koma wawonjeza. M'chipindamu mulidi zithunzi ziwiri kapena zitatu, za zigaza zovala zisoti zachifumu, zomwe zikanatha kujambulidwa kulikonse, ndipo n'zofooka. Koma lata la ku Chilobwe silikanachokera ku New York. Ndiponso kujambula pa khoma si kwachilendo kuno: ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pa matanthwe, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zomwe zinaikidwa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ojambula akalewo nawonso sankalimbana n'kufanizira ndendende.

Zithunzi za mnyamatayu za chaka chino zachuluka mtundu wakuda. Ena akuti ndi chisoni. Iye akuti ndi mtengo: utoto wopopera umachokera kunja, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 sagula zitini zambiri, amasinja makala n'kusakaniza ndi guluu wa akalipentala. Anzake ena a ku Ndirande ayamba kale kumufunsa muyeso wake.