ZA KUSANKHA ATSOGOLERI A DZIKO

Mfumu ya mudzi ikamwalira, anthu sathamangira kulonga ina tsiku lomwelo. Akuluakulu a mtundu amakhala pansi, nayang'ana mwa ana a alongo ake a mfumuyo, nasankha mmodzi wofatsa ndi wodziwa kuweruza milandu. Umu ndimo ukhalira ufumu wa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao a ku Mulanje, monga wa Mabuka, wa Chikumbu ndi wa Nkanda: ufumu utsata magazi.

Koma utsogoleri wa dziko la Malawi sutsata magazi ai. Pulezidenti salowa m'malo mwa atsibweni ake. Iye asankhidwa ndi anthu onse, nalamulira zaka zisanu; zikatha zimenezo abwerera kwa anthu kukapemphanso. Lamulo lalikulu la dziko limuletsa kulamulira koposa maulendo awiri otsatizana.

Tsiku la masankho munthu asankha atsogoleri atatu. Woyamba ndiye Pulezidenti, amene ayendetsa boma. Wachiwiri ndiye phungu, amene apita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe kukanenera anthu a kwao, kukapanga malamulo, ndi kukavomereza magawidwe a ndalama za msonkho. Wachitatu ndiye khansala, amene ayang'anira misika, misewu ya m'midzi ndi zina zotere. Dziko ligawidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chitumiza phungu mmodzi. M'chaka cha 1994 aphungu anali 177; mu 1999 anafika 193; ndipo mu 2025 zigawo zinali 229, pakuti anthu achuluka. Pa masankho a 2019 boma la Mulanje linatumiza aphungu asanu ndi anai.

Nzika iliyonse ya Malawi imene yakwana zaka 18 ili ndi ufulu wakusankha, ikayamba yalembetsa dzina lake. Wofuna uphungu ayenera kukhala wa zaka 21, wodziwa kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Wofuna upulezidenti ayenera kukhala wa zaka 35. Amene ayang'anira ntchito yonseyi ndilo bungwe la masankho, ndipo mkulu wake amakhala woweruza wa bwalo lalikulu.

Tsikulo likafika, ntchito iima. Othyola tiyi asiya madengu ao, ogulitsa nanazi pa Chitakale ndi pa Limbuli asiya malonda, onse nandanda pa sukulu kapena pa bwalo lina lopatulidwa. Munthu aonetsa chitupa chake, napatsidwa mapepala okhala ndi maina, nkhope ndi zizindikiro za opikisana, kuti ngakhale wosadziwa kuwerenga azindikire amene amfuna. Alowa yekha pobisika, nachonga, napinda pepala, naliponya m'bokosi. Chala chake chipakidwa inki yosafufutika msanga kuti asaponyenso kachiwiri. Palibe mfumu, kapitao, kapena mwamuna wa munthu amene aloledwa kusuzumira. Pepala la mwini munda wa tiyi ndi pepala la nkhalamba yosauka alemera chimodzimodzi.

Madzulo mabokosi atsegulidwa pomwepo, nawerengedwa mapepala pamaso pa mboni za zipani zonse. Mawerengero ake atumizidwa ku bungwe lija, limene liyenera kulengeza Pulezidenti asanapite masiku asanu ndi atatu.

Zinthu izi sizinakhale chotere kuyambira kale. Masankho oyamba aakulu anachitika pa 15 August 1961, dziko likali Nyasaland, ndipo ololedwa kusankha anali owerengeka okha, ofika pa muyeso wa chuma kapena wa maphunziro. Chipani cha Malawi Congress cha Dr. Hastings Kamuzu Banda chinapambana. Dziko linalandira ufulu pa 6 July 1964. Koma mu 1966 lamulo linati chipani chikhale chimodzi chokha, ndipo mu 1971 Dr. Banda anaikidwa Pulezidenti wa moyo wake wonse. Zaka zambiri anthu analibe wina womsankha, ndipo wotsutsa anali kumangidwa.

Mu March 1992 maepiskopi a Katolika analemba kalata yodzudzula zoipa za m'dziko, ndipo inawerengedwa m'matchalitchi. Tsono pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa ngati afuna chipani chimodzi kapena zipani zambiri. Chizindikiro cha chipani chimodzi chinali tambala wakuda, cha zipani zambiri chinali nyali. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana, ndipo Dr. Banda anavomera, natula pansi udindo mwamtendere.

Mlandu waukulu unabuka pa masankho a 21 May 2019. Pa mapepala ambiri a mawerengero panapezeka utoto woyera wofufutira zolemba, wotchedwa Tipp-Ex. Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima anakadandaula ku bwalo la milandu, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza masankho a Pulezidentiwo. Anaweruzanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la onse oponyedwa.

Chiweruzo ichi chimveka bwino ndi masamu. Pakhale anthu 100, ndipo opikisana atatu apeze 40, 35 ndi 25. Pa uphungu wa 40 uja wapambana, pakuti waposa anzake. Koma pa upulezidenti sanapambane, chifukwa anthu 60 sanamfune. Ayenera kupeza 51. Akalephera onse, awiri otsogola apikisananso paokha.

Masankho anabwerezedwa pa 23 June 2020, ndipo Chakwera anapambana Peter Mutharika. Pa 16 September 2025 anthu omwewo anabwezera udindo kwa Mutharika, ndipo Chakwera anavomera. Chotero atsogoleri aphunzira kuti mpando uli wa anthu, iwo angobwereka.

Pali adani awiri a masankho. Woyamba ndiye chiphuphu: munthu wogulitsa voti yake ndi nsalu kapena sopo wagulitsa zaka zisanu, pamene sopoyo atha mwezi usanathe. Wachiwiri ndiye ndewu: anthu a zipani zosiyana atunga madzi pa chitsime chimodzi, ndipo maliro akagwa akumbira manda pamodzi. Mwana wa sukulu sanafike msinkhu wakusankha. Koma akhoza kuwerengera agogo ake maina a opikisana, ndi kuphunzira kumva mnzake wotsutsana naye osapsa mtima.

MAFUNSO

1. Kodi ufumu wa mudzi usiyana bwanji ndi upulezidenti?
2. Chifukwa ninji munthu achonga pepala lake pobisika?
3. Nyali ndi tambala wakuda zinaimira chiyani mu 1993?
4. Anthu 600 akaponya mavoti, wofuna upulezidenti apeze angati kuti apambane?