Kompyuta ya lichero: mmene tinachepetsera katundu wa Arduino

Chaka chatha, ine ndi ana a kalabu ya sayansi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Jenda, kum'mwera kwa boma la Mzimba, tinapanga kachipangizo koyeza madzi mu thanki ya ku hositelo. Pampu ya sola inkadzaza thanki mpaka kusefukira, kapena madzi ankatha usiku osadziwa. Tinagwiritsa ntchito Arduino Uno ndi sensa ya HC-SR04, yomwe imatumiza phokoso losamveka m'makutu mwathu n'kuyeza nthawi yomwe latenga kuti libwerere kuchokera pamwamba pa madzi.

Vuto linali lakuti madzi akamalowa amagwedezeka, ndiye manambala ankadumphadumpha. Njira yake ndi ija ya m'masamu: kupeza avereji. Ndinalemba pulogalamu yosunga miyezo 450 n'kuiwerengera avereji. Titayatsa, kanagwira pang'ono kenako zii, kanauma. Anzanga, ndinachita manyazi pamaso pa ana a Fomu 3!

Cholakwika chinali kuti? Mkati mwa Arduino Uno muli tchipi ya ATmega328P. Ili ndi flash ya 32 KB yosungira pulogalamu, koma RAM yake ndi mabayiti 2,048 okha. Flash ili ngati nkhokwe, RAM ngati lichero lopetera: pa lichero umaikapo zimene ukugwira panthawiyo basi. Nambala iliyonse ya mtundu wa float imadya mabayiti 4. Tiyeni tiwerengere: 450 kuchulukitsa ndi 4 ndi 1,800. Mabayiti 248 otsalawo sakanakwanira zina zonse za pulogalamu.

Tinakonza motere. Poyamba tinasiya float n'kumasunga mtunda m'mamilimita monga int, ya mabayiti 2. Katundu anatsika kufika pa 900. Kenako mtsikana wina anafunsa kuti, “Sala, miyezo yakalekaleyo tikuisungira chiyani?” Ananena zoona. Tinayamba kusunga miyezo 16 yomaliza yokha: muyezo watsopano ukafika umalowa m'malo mwa wakale kwambiri. Mabayiti 32 basi.

Njira yachitatu ndiye yokoma. Umasunga nambala imodzi yokha, avereji. Muyezo watsopano ukabwera, umaona kusiyana kwake ndi averejiyo, n'kugawa ndi 8, n'kuphatikiza. Avereji ikakhala 800 ndipo muyezo watsopano ndi 840, kusiyana ndi 40. Kugawa ndi 8 kukupatsa 5. Avereji yatsopano ndi 805. Kudumpha kuja kwazizira. Komatu palibe chaulere: averejiyo imachedwa pang'ono kutsatira madzi akasintha msanga. Pa thanki yathu kuchedwa kwa masekondi ochepa sikunativute.

Pomaliza, mawu ngati “Thanki yadzadza” nawonso amakhala mu RAM. Titawalemba mkati mwa F(), anatsalira mu flash, m'nkhokwe muja.

Musaderere makina aang'ono. Kompyuta ya Apollo 11, yomwe inathandiza kufikitsa anthu ku mwezi mu 1969, inali ndi RAM ya pafupifupi 4 KB, kuwirikiza kawiri kokha ya Arduino yathu. Nzeru zomwezi zili m'kachipangizo ka kuchipatala kopana chala poyeza mpweya wa okosijeni m'magazi.

Yesani nokha m'kope: yambani ndi avereji ya 800, mulowetse 840 kasanu motsatizana. Mwafika pa chiyani?