Chiphaso cha Unzika cha M'foni: Zimene Mayi Ayenera Kudziŵa

M'mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, madzi, matope ndi miyala zinatsika m'mapiri ndi kusesa midzi yambiri kuno ku Phalombe. Kwa Nkhulambe ngakhale chipatala chomwe chinaonongeka. Achikulire anakumbukira Napolo amene anatsika m'phiri la Michesi m'chaka cha 1991. Amayi amene anapulumuka anathaŵa ndi ana kumsana, ndipo panalibe woti nkuima kuti ayambe wafunafuna mapepala. Tsono atafika kumisasa anakumana ndi mafunso aŵa: Chiphaso chanu chili kuti? Mwanayu anabadwa liti? Nanga katemera analekezera pati? Ambiri analibe choonetsa.

Mwina mwamvapo kuti masiku ano chiphaso cha unzika chingathe kusungidwa m'foni, ndipo mukufunsa ngati zimenezi zingathetse vuto lotere. Tiyeni tione bwino.

Kodi chiphaso cha m'foni nchiyani?

Monga mayi amamanga ndalama pa mfundo ya chitenje kapena kuziika m'kachikwama, momwemonso maboma ena akonza kachikwama ka m'foni zamakono kosungiramo ziphaso. Kachikwamako ndi pulogalamu imene boma lenilenilo limapereka. Munthu akaiika m'foni mwake amalemba nambala ya chiphaso chake ndi kudzijambula nkhope. Makina a boma amayerekeza nkhopeyo ndi chithunzi chimene chili kale m'kaundula, ndipo zikafanana amatumiza chiphaso m'fonimo pamodzi ndi chidindo cha boma. Chidindocho maso sachiona, koma makina amachizindikira. Pofuna kudzidziŵikitsa kubanki kapena ku ofesi, mwini foni amaonetsa kachizindikiro ka makona anayi ka timadontho takuda, kofanana ndi kamene kali kuseri kwa chiphaso chanu cha unzika, ndipo kalaliki amakaŵerenga ndi makina ake.

Dziŵani kuti kungojambula chiphaso chanu ndi foni si chimodzimodzi. Chithunzi chotero chilibe chidindo cha boma, ndipo munthu wachinyengo angathe kuchisintha.

Dziko la India linayamba njira yotere, yotchedwa DigiLocker, m'chaka cha 2015. Ku Ukraine anayamba yao yotchedwa Diia mu 2020, ndipo mu 2021 anakhazikitsa lamulo lakuti chiphaso cha m'foni chikhale ndi mphamvu yofanana ndi cha m'manja. Nkhondo itabuka kumeneko mu 2022, anthu ambiri amene anathaŵa osanyamula mapepala anathandizidwa ndi foni zao. Maiko 27 a m'bungwe la European Union anagwirizana mu 2024 kuti lililonse likonzere nzika zake kachikwama kotere pofika kumapeto a 2026. Kuno ku Malaŵi ntchito ya ziphaso ili m'manja mwa nthambi ya boma ya National Registration Bureau, imene ambiri amaitchula kuti NRB, ndipo uthenga woona wa chiphaso cha m'foni uyenera kuchokera kumeneko, osati kwa munthu wongoimba lamya.

Chimene madzi sangakokolole

Apa ndi pamene pagona nkhani. Foni siipanga chiphaso. Imangotenga zimene zinalembedwa kale m'kaundula wa boma. Munthu amene dzina lake mulibe m'kaundulamo, ngakhale atagula foni ya mtengo wapatali, alibe chimene angatsitsiremo. Ndiponso foni nayo imamira, imabedwa, imatha moto. Amayi a kwa Nkhulambe akanakhala ndi ziphaso m'foni, ambiri akanataya foni ndi mapepala tsiku limodzi. Koma kaundula amasungidwa m'makompyuta a boma kutali ndi mudzi wanu, ndipo amene analembetsa angathe kupatsidwa chiphaso china, cha m'manja kapena cha m'foni, chifukwa zala zake ndi nkhope yake zimamchitira umboni.

Akuluakulu ambiri analoŵa m'kaundulayu m'chaka cha 2017, pamene boma linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposerapo. Mukumbukira mizere ija ya kujambulitsa ndi kudinda zala. Kuyambira pamenepo chiphasochi chafunika polembetsa nambala ya foni, polembetsa mavoti, pogula feteleza wotsika mtengo ndi potsegula buku kubanki. Koma mwana amene muli naye pamiyendo lero saloŵa m'kaundula yekha. Amaloŵa pokhapokha kholo litamlembetsa.

Lamulo la kalembera wa anthu linapangidwa mu 2010 ndipo linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2015. Lamuloli likuti mwana aliyense wobadwa m'Malaŵi alembetsedwe pasanathe masabata 6. Nthaŵi imeneyi njosavuta kuikumbukira, pakuti ndiyo nthaŵi imene mumabweretsa khanda kusikelo kudzalandira katemera wa masabata 6. Pobwera tsiku limenelo dzifunseni: kodi mwanayu ndinamlembetsa? Ngati munachilira kuchipatala, monga ku John Chilembwe, ku Holy Family kapena ku Migowi, funsani anamwino za fomu ya kubadwa yotchedwa NR8 musanatuluke. Ngati mwana anabadwira kunyumba kapena panjira, kauzeni amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ndipo adzakulongosolerani kumene mungapite. Ana okulirapo amene sanalembetsedwe musaŵasiye. Pitani nao ku ofesi ya NRB kwa bwanamkubwa wa boma lino.

Ena amati, "Mwana ngwamng'ono, chiphaso achita nacho chiyani?" Mwana sakhala wamng'ono mpaka kale. Kalata ya kubadwa ndiyo idzanena zaka zake zenizeni poyamba sukulu. Ndiyo idzateteza mwana wamkazi ngati wina afuna kumkwatitsa asanakwane zaka 18, zimene malamulo aakulu a dziko lino analetsa kotheratu mu 2017. Ndipo ife a m'malire ndi Mozambique, kumene abale amakhala mbali zonse ziŵiri, tidziŵa kuvuta kwake kwa kutsimikiza kuti munthu kwao nkuti ngati palibe cholembedwa.

Kusamala nambala yachinsinsi

Kachikwama ka m'foni kamatsekedwa ndi nambala yachinsinsi, chala kapena nkhope ya mwini wake. Amayi amene amasunga ndalama m'foni adziŵa kale za akathyali amene amatumiza uthenga wakuti mwapata mphoto, kapena kuimba lamya ndi kunena kuti ndi a ku ofesi. Anthu omweŵa amafunanso nambala za ziphaso, kuti alembetsere nambala ya foni kapena kutenga ngongole m'dzina la wina. Wa ntchito za boma weniweni sangakufunseni nambala yanu yachinsinsi. Musaiuze munthu wotchaja foni pamsika, musailembe kuseri kwa foni, ndipo musasankhe chaka chimene munabadwa, popeza chinalembedwa pa chiphaso pomwepo. M'chaka cha 2024 Malaŵi anakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu yosungidwa m'makompyuta, ndipo bungwe la MACRA ndilo linapatsidwa udindo woliyang'anira. Motero wina akafuna kujambula chiphaso chanu, muli ndi ufulu womfunsa chimene afuna kuchita nacho.

Palinso china chimene sitingabise. M'mabanja ambiri foni yamakono imakhala imodzi, ndipo imayenda ndi bambo. Mayi akaika chiphaso chake m'foni yotero, tsiku limene bambo apita ku Limbe kapena ku Johannesburg chiphasocho chapita nao. Chifukwa chake chiphaso chanu cha m'manja chikhale ndi inu nokha. Musachisiye kwa wokongoza ndalama ngati chikole.

Kabuku ka kusikelo

Kabuku ka mwana ka kusikelo nkosiyana ndi ziphaso zimenezi. M'menemo ndimo muli kulemera kwake ndi akatemera onse, kuphatikizapo wa malungo, amene boma la Phalombe linali limodzi mwa maboma 11 oyamba kulandira m'chaka cha 2019. Kakulungeni m'pepala la pulasitiki, ngakhale lija la shuga, pamodzi ndi kalata ya kubadwa ndi chiphaso chanu, ndipo nyengo ya mvula muzipachike pamalo pamene mungazitenge mumdima. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani tsamba la akatemera nthaŵi iliyonse mwana akabayidwa. Pamenepa chithunzi chingathandize alangizi kudziŵa polekezera ngati kabuku katayika.

Polemba fomu ya NR8 tengani chiphaso chanu cha unzika, ndi cha bambo wa mwana ngati chilipo. Akamaliza kulemba, pemphani kuti akuŵerengereni mokweza dzina la mwana, tsiku lobadwa ndi maina a makolo musanasaine kapena kudinda chala. Chilembo chimodzi chikalakwika pamenepo chidzalakwikanso pa kalata ya kubadwa, ndipo kukonzetsa kwake kudzafuna ulendo wina wa ku boma.