Kukonza chipatala pa kompyuta khoma lisanagumulidwe

Mafamu akuluakulu a fodya ndi ng'ombe ozungulira Wedza, m'chigawo cha Mashonaland East ku Zimbabwe, analemba ntchito anthu ambiri omwe makolo awo anachokera ku Malawi ndi ku Mozambique. Boma litayamba kugawa mafamu mu 2000, mabanja atsopano anadzakhala kumalo kopanda zipatala, ndipo m'madera ambiri a dzikolo nyumba zakale za eni mafamu zinasandutsidwa sukulu ndi makiliniki. Ku Wedza, wodwala kwambiri amapita ku Mount St Mary's, chipatala cha Akatolika, kapena ku Marondera.

Komatu nyumba yomangidwira banja limodzi siisanduka chipatala pongoipaka laimu. Machira sakhota pa mpata wopapatiza. Mazenera a chipinda chogona salowetsa mpweya wokwanira anthu makumi awiri, ndipo wachifuwa amakhala benchi imodzi ndi mayi woyembekezera. Izi si zazing'ono. Mu 2006, ofufuza analengeza kuti mwa odwala 53 a TB yosamva mankhwala ku Tugela Ferry, ku South Africa, 52 anamwalira, ndipo zinaoneka kuti ambiri anatengera matendawa m'chipatala momwemo.

Apa m'pamene luso lotchedwa BIM lingathandize. Akatswiri amayeza nyumba yonse, ndi tepi kapena makina a laser, n'kuimanganso pa kompyuta: makoma, denga, mapaipi ndi mawaya, chilichonse ndi muyeso wake. Akasuntha khoma pa chithunzicho, kompyuta imaonetsa ngati lagundana ndi paipi ya madzi, ndipo imawerengetsanso njerwa ndi simenti zofunika. Boma la Britain linalamula kuti kuyambira 2016 zomanga zake zizitsata njira imeneyi.

Phindu lenileni kumudzi n'lakuti pulani ya papepala amaimva ndi amisiri okha, pamene nyumba ya pa kompyuta aliyense amaiona ngati walowamo. Namwino angathe kuloza kuti chipinda chochilira chayandikana kwambiri ndi podikirira amuna. Komiti ya zaumoyo ingafunse komwe mpweya ukutulukira. Kusintha khomo pa nthawiyi kumatenga mphindi zochepa. Kulisintha simenti itauma kumadya ndalama zimene anthu anasonkha atagulitsa chimanga.

Zovuta zilipo. Mapulogalamu ambiri ndi odula, magetsi amathimathima, ndipo odziwa ntchitoyi amapezeka kwambiri ku Harare. Komanso kompyuta imangodziwa zimene yauzidwa. Chiswe chimene chadya phaso siichiona, ndipo nyumba zambiri za m'mafamu zinawonjezedwa zipinda popanda pulani yolembedwa. Choncho woyeza ayenera kukwera padenga, kugogoda makoma, ndi kufunsa anthu akale ogwira ntchito pafamupo, amene akukumbukira pomwe paipi inakwiriridwa ndi pomwe madzi amaima nthawi ya dzinja.