KHOLO LIKADWALA KHANSA, SUKULU ISAIME

Ambiri a ife tinasiya sukulu tili ana chifukwa cha matenda a pakhomo. Kholo linagona, ife tinaika mabuku pansi kuti tilidwazike, ndipo sitinabwererenso. Lero tikuphunzira kuwerenga imvi zili kumutu. Nanga matenda akalowanso pakhomo, tichite chiyani kuti wodwala asamalidwe koma wophunzira asasiye sukulu? Tiyeni tione za nthenda imodzi yotenga nthawi yaitali, ndiyo khansa.

Khansa ndi chiyani?

Thupi lathu linapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Nthawi zina maselo ena amachulukana osaleka, napanga chotupa kapena chilonda chosapola. Imeneyo ndiyo khansa. Ku chipatala amati cancro. Si ufiti ayi. Sitingaitenge podyera mbale imodzi ndi wodwala kapena pochapa zovala zake.

M'dziko lathu la Mozambique, khansa imene imagwira amayi ambiri ndi ya khomo la chiberekero. Zizindikiro zake ndi kutaya magazi pa nthawi yosakhala ya kumwezi, kapena mayi atasiya kale kusamba, ndiponso madzi onunkha otuluka kumaliseche. Ikapezeka msanga imachizika. N'chifukwa chake amayi ayenera kukayezetsa ngakhale asakumva kupweteka. Mu 2021 boma linayamba kupereka katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayi, kwa atsikana a zaka 9.

Chithandizo chake n'chachitali

Khansa sichizika ndi jakisoni mmodzi. Madokotala amachotsa chotupa pa opaleshoni, kapena amapereka mankhwala amphamvu odzera mu mtsempha, otchedwa quimioterapia, kapena amaotcha chotupa ndi mphamvu ya makina, imene amati radioterapia. Mankhwala a mu mtsempha kawirikawiri amaperekedwa kangapo, patapita masabata atatu atatu, kwa miyezi ingapo. Makina aja amafuna wodwala masiku asanu pa sabata, kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi.

Mu 2019 makina otere anayamba kugwira ntchito pa Hospital Central de Maputo. Kuchokera ku Tete kukafika ku Maputo ndi ulendo wa makilomita oposa 1,500. Tikuona tsono kuti wodwala wa ku Angónia kapena ku Macanga akatumizidwa kumeneko, amene amuperekeza sangabwere msanga. Ngati ndi mwana wa sukulu, chaka chake chatayika.

Tigawane ntchito

Kawirikawiri katundu yense amagwera mwana wamkazi wamkulu. Iye atunge madzi, iye aphike, iye agone ku chipatala. Koma mutu umodzi susenza denga. Dokotala akangonena za khansa, banja likhale pansi pamodzi ndi amalume, azakhali ndi mwinimbumba. Wodwalayo akhalepo, pakuti thupi ndi lake. Tigwirizane zinthu zinayi:

1. Ndani adzaperekeza wodwala pa ulendo wautali? Akhale munthu wamkulu amene sali pa sukulu.
2. Ndani adzalima munda wa wodwalayo ndi wa womuperekezayo?
3. Ndalama za ulendo ndi za chakudya zidzachokera kuti?
4. Wophunzira adzathandiza nthawi iti? Mwina m'mamawa, mwina Loweruka ndi Lamulungu, mwinanso pa tchuthi.

Wophunzira asabise vuto lake. Apite kwa aphunzitsi nanene kuti, "Aphunzitsi, amayi akudwala, ndidzajomba Lachinayi." Apeze mnzake womubwereka kope kuti alembe zimene anaphonya. Ngakhale theka la ola tsiku lililonse ndi lokwanira kuti mutu usaiwale. Pa benchi ya ku chipatala timadikira nthawi yaitali. Buku likhale m'thumba. Ifenso a sukulu ya akulu tichite chimodzimodzi. Mnzathu akasowa masiku awiri, timuyendere ndi phunziro la tsikulo.

Kope la wodwala

Pano ndi pamene maphunziro athu amagwira ntchito. Tigule kope limodzi, likhale la wodwala yekha. M'menemo tilembe tsiku lobwerera ku chipatala, dzina la mankhwala, nthawi yomwera, ndi mafunso ofunsa namwino. Odwazika akasinthana, kope liwauza pamene anzawo analekezera. Tsiku la ku chipatala lisadumphidwe, ngakhale wodwala aoneke kuti wapeza bwino, pakuti chithandizo chikadukizadukiza, nthenda imapeza mpata. Ngati wodwala amamwa mankhwala a HIV, asawasiye. Mankhwala azitsamba tisamupatse tisanafunse dokotala.

Chisamaliro cha kunyumba

Mankhwala a khansa amafooketsa. Wodwala amachita nseru, amatuluka zilonda m'kamwa, ndipo ena tsitsi limathothoka. Tisaope, limameranso. Timupatse chakudya chofewa pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala lotendera nsinjiro, mazira, nyemba, nthochi, papaya. Madzi akumwa akhale owiritsa. Tisambe m'manja ndi sopo tisanamugwire, ndipo agone m'neti, chifukwa thupi lake silingathe kulimbana bwino ndi matenda ena. Thupi likatentha, akataya magazi ambiri, kapena akamasanza osaleka, tithamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo. Akamva ululu tisamuuze kuti angopirira. Tinene kwa namwino, pakuti mankhwala oletsa ululu alipo.

Wodwazika nayenso amatopa. Mwana amene akuona mayi ake akuwonda sangamve bwino masamu. Timufunse ngati wadya, ngati wagona. Ndipo ife makolo, tikadwala, tinene ndi pakamwa pathu kuti, "Mwanawe, pita ku sukulu, azakhali ako ali pano." Mawu amenewa amamasula mwana, pakuti ana ambiri amasiya sukulu poopa kunenedwa kuti anataya kholo.

Tikambirane

1. Kodi m'mudzi mwathu ndani amene amadwazika matenda kawirikawiri? Chifukwa chiyani?
2. Tchulani zinthu zitatu zolemba m'kope la wodwala.
3. Kodi kalasi lathu lingathandize bwanji mnzathu amene akudwazika kholo lake?
4. Lembani kalata ya mizere itatu yopempha aphunzitsi kuti mukaperekeze wodwala ku chipatala.