Kambaula ka chitini kosafuna makala

Ana inu, mukadzafika ku msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola, mudzayang'anitsitse mbaula. Anzathu olankhula Chibemba amati imbabula, ndipo makala amati amalasha. Mbaula ili ndi zibowo thupi lonse kuti mpweya uzilowa, pajatu moto nawonso umapuma. Mu 2024, madzi atachepa m'damu la Kariba magetsi n'kumazima maola ambirimbiri, nsima ya mabanja ochuluka m'matauni a migodi amenewa inkapsa pa mbaula.

Tsono tayerekezani kuti muli pa ulendo wapansi wa masiku atatu m'tchire, katundu yense ali kumsana. Mungasenzenso mbaula ndi thumba la makala? Khosi lingathyoke! N'chifukwa chake anthu okonda kukwera mapiri ndi kugona m'matenti anatulukira kambaula kokwana m'thumba la kabudula.

Amatenga zitini ziwiri za zakumwa zoziziritsa kukhosi, zopepuka zija, n'kudula mbali zakunsi. Akalowetsa ina mu inzake, pamatuluka kam'phika kotsekeka. Kenako amaboola timabowo ta singano kuzungulira m'mphepete, ndi bowo lina pakati lothirirapo mafuta. Mafuta ake si palafini, ndipo petulo ndiye ayi ndithu, angaphulike. Amathira spiriti, wapepo uja amene ometa tsitsi amapukutira makina awo.

Nali funso: kodi chimene chimayaka m'kachitinimo n'chiyani? Mwina mwayankha kuti ndi spiritiyo. Mwatsala pang'ono kulasa. Chimayaka ndi nthunzi yake. Madzi amawira akafika pa madigiri 100, koma spiriti sachedwa, pa madigiri pafupifupi 78 wayamba kale kubwadamuka. Akangoyatsa, chitini chimatentha msanga chifukwa n'chopyapyala. Spiriti wa m'kati amawira, nthunzi imasowa kothawira, ndiye imadzipanikiza potulukira m'timabowo tija. Kabowo kalikonse kamagwira kalawi kake, pamwamba ponse n'kuzungulira moto wabuluu ngati wa pa chitofu cha gasi. Motowo umatenthetsa chitini, chitini chimawiritsa spiriti, spiriti amadyetsa moto, mpaka dontho lomaliza litauma.

Masupuni awiri aakulu a spiriti amatha kuwiritsa madzi a makapu awiri a tiyi, bola mphepo isasokoneze. Utsi palibe, mwaye ndi wochepa, phulusa palibiretu. Koma musaganize zophikirapo nsima ya banja lonse. Moto ungazime phala lisanayambe n'komwe kuthwathwa, ndipo mthiko ungagubuduze zonse. Pamenepa mbaula ya amayi ndi mfumu.

Nzeruyi si yatsopano. Ku Sweden, kampani ya Trangia yakhala ikupanga zophikira za spiriti za apaulendo kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Mowa umene uli mu spiriti umatha kupangidwa kuchokera ku zotsalira za nzimbe, monga amachitira ku Dwangwa ku Malawi. Koma mu spiriti wa m'sitolo amasakanizamo poizoni amene amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Mtundu wapepo uja ndi chenjezo loti asayandikire pakamwa.

Choopsa china n'chakuti dzuwa likawala, lawi la spiriti silioneka. Munthu amayesa moto wazima, n'kutenga botolo kuti awonjezere, lawi n'kukwera mpaka m'botolomo. Spiriti akatayika, moto umayenda naye pansi ngati madzi. Chitini chodulidwa nachonso n'chakuthwa ngati lezala.

Choncho ngati mtima wanu wadyokoka kuti muone mphete yabuluu ija, musadule chitini nokha kuseri kwa nyumba. Pemphani bambo, amalume kapena aphunzitsi a sayansi kuti ayatse iwowo, panja, pa dothi losesedwa bwino, dzuwa litalowa. Inu imani chapatali, muwerenge timalawi tonse, mudzandiuze kuti tinalipo tingati.